Mtanda Umene Ndinazula pa Msewu wa ku Balaka

Ntchito ya msewu ndinayamba ndi khasu, ndinamaliza ndili kapitao. Chigawo changa chinali pa msewu wochokera pa pantoni yowolotsa anthu pamtsinje ku Liwonde kulowera ku Balaka. Inali nthawi ya atsamunda, nkhondo yachiwiri itatha. Ndinali ndi amuna khumi ndi awiri ndi mawilibala atatu. Dzinja tinkakwirira maenje ndi kutsegula ngalande. Chilimwe tinkasalaza. Mzungu woyendera misewu ankabwera kamodzi pa mwezi, ndipo pa chigawo changa sankatsika n'komwe m'galimoto. Panalibe choti adzudzule.

Msewu unali wadothi, koma unali ndi ulemu wake. Magalimoto anali owerengeka, ndipo tinkawazindikira ndi kaliridwe kake asanaoneke. Pakati pa galimoto ndi inzake panali bata. Unkamva njiwa, unkamva makasu akugwera pamodzi motsatira nyimbo. Mvula yoyamba ikagwa pa dothi lomwe tasalaza, fungo lake linkafika mpaka kukhosi. Wodutsa aliyense ankapereka moni. Masiku ano ndikakwera basi ndimaona mitanda yachitsulo m'mbali mwa tala, ina yomangiriridwa maluwa apulasitiki. Yachuluka. Palibe amene amafunsa kuti anafera pamenepo ndani. Nthawi yathu munthu kufa ndi galimoto chinali chinthu chachilendo, ndipo nkhani yake inkakambidwa chaka chathunthu.

Panali bambo wina wa kwa Kawinga amene ankadutsa pa njinga pakatha milungu iwiri iliyonse. Kumbuyo ankamanga dengu la matemba a ku Chilwa, kupita nawo ku msika wa ku Balaka. Anali wamtali, wovala kachipewa koyera ka Chisilamu. Dzina lake sitinalifunse. Tinkangoti bambo wa matemba. Akafika pa ife ankatsitsa phazi limodzi pansi.

"Akapitao, msewu wanuwu mwaulima ngati munda wa mbatata. Msana wanga watha!"

"Vuto ndi njinga yanuyo, achimwene. Inabadwa agogo anu asanamere mano."

Nthawi ya mbewa anyamata anga ankamukodola, atanyamula zowamba pa kamtengo.

"Bwerani mulaweko, zanona izi!"

"Iyayi, idyani nokha abale anuwo. Ine ndimadya za m'madzi."

Akatero ankatapa matemba odzaza manja awiri, n'kuthira m'chipewa cha amene wayandikira, n'kumapita akuliza belu.

Anafa nyengo yogula thonje. Lole yodzaza matumba inatulukira pa khona la pa mlambe, iye akuchokera kutsogolo kwake. Anayesa kupatuka, tayala linatitimira mu mchenga, njinga inamugwetsera pakati pa msewu. Ine ndinali pafupi. Ndinafika woyamba. Sanachedwe kutsirizika.

Wapolisi atalemba zake, Asilamu a m'mudzi wapafupi anabwera kudzatenga mtembo. Iwo sagoneka maliro. Anamusambitsa, anamukulunga, anamuika m'manda awo dzuwa lisanalowe. Uthenga wopita kwa Kawinga unanyamuka mawa lake, wapansi, pamodzi ndi njinga yopindikayo.

Kwathu ife Akatolika tinali ndi mwambo. Munthu akafera panjira, kaya wakokoloka ndi madzi, kaya yamuomba mphezi, tinkazika mtanda pamalopo, kuti wodutsa adziwe kuti pano panathera moyo wa munthu ndipo amunenere kapemphero. Kusiya malo otero opanda chizindikiro kunali ngati wafa ndi galu. Munthu uja anafera pa chigawo changa. Ndinaona kuti udindo ndi wanga.

Ku sukulu ya mishoni ndinalekezera Sitandade 3, koma ukalipentala ndinaugwira. Ndinapeza mlombwa wouma bwino. Ndinausema masiku atatu ndikaweruka. Msomali sindinakhomepo, ndinaboola mtengo umodzi n'kulowetsamo unzake, zinagwirana ngati zinamera choncho. Ndinaupaka mafuta a nsatsi mpaka unawala. Dzina sindinalembe, poti sindinkalidziwa.

Pa gulu langa panali mkulu wina wa ku Nkaya, Myao, wokankha wilibala. Sankalankhula kawirikawiri. Tsiku lomwe ndinkakumba dzenje la mtanda anaima pambali panga.

"Akapitao, ndinene?"

"Nenani."

"Munthu uja anali wa ku mzikiti."

"Ndikudziwa. Mulungu ndi mmodzi. Kakankheni wilibala."

Anapita. Ndinazika mtandawo mozama, ndinatsendera ndi miyala. Anthu odutsa ankaima kuuyamikira. Zinkandikomera.

Patatha milungu itatu, m'mawa wina, tinaona anthu awiri akubwera wapansi kuchokera ku Liwonde. Mayi wokalamba, wamng'ono thupi, atafunda nsalu kumutu, ndi bambo wa ndevu zoyera atagwira ndodo. Bamboyo anapereka moni, nanena kuti iye ndi malume a malemu uja, ndipo mayiyo ndi mlongo wake, mayi wobereka malemuyo. Anafunsa kuti malo ake ndi pati.

"Tiyeni ndikuonetseni," ndinatero. Ndinatsogola, chifuwa chili patsogolo.

Titafika pa khona, mayi uja anaona mtanda. Anaima. Sanawoloke msewu. Anakhala pansi tsidya linalo, m'mphepete mwa ngalande, padzuwa. Malume aja anayang'ana mtandawo nthawi yaitali, kenako anandiyang'ana ine.

"Bambo, pepani. Chimenechi waika ndani?"

"Ndine. Ndasema ndi manja angawa."

"Ntchito yake ndi yooneka. Koma mwana wathu sanali wa chimenechi." Ankalankhula Chichewa chopendekera ku Chiyao, mofatsa. "Mayi akewa nkhope ya mwana wawo sanaione. Manda tawaona dzulo, ndi mulu wa dothi basi. Chimene ayendera ulendo wonsewu n'choti akhale pamene anagwera, agwire nthaka yake ndi manja. Koma pansi pa mtanda sangakhale. Tikupempha muuchotse."

Ndinasema chinthu chija ndi mtima wonse, ndipo anyamata anga anali atasiya makasu, akumvetsera.

"Msewu uno ndi wa boma, ndipo pano woyang'anira ndine. Mtanda ukazikidwa suzulidwa."

Ndinkayembekeza kuti akangana nane. Sanatero. Anangoti, "Chabwino, bambo," napita kukakhala pambali pa mlongo wake.

Ndinalamula kuti ntchito ipitirire. Inapitirira, koma nyimbo panalibe. Makasu ankagwa aliyense payekha. Dzuwa linakwera. Mthunzi wokhawo pamalopo unali wa mlambe, ndipo mlambewo unali mbali ya mtanda. Awiri aja anakhalabe padzuwa. Mkulu wa wilibala anawatengera madzi m'chikho osandipempha chilolezo. Ndinaona, ndinamuleka.

Masana, tikupuma, mmodzi wa anyamata anga, wa mpingo wathu, anandinong'oneza.

"Akapitao, musagonje. Mukazula, ansembe akamva mudzayankha chiyani? Ndi tchimo limenelo."

Mawu amenewo ndi amene anali kale mumtima mwanga. Sikunali kudzikuza kokha. Ndinakula ndikudziwa kuti mtanda sauponda, sauwotcha, sauzula. Ndinadziuza kuti uwu sunadalitsidwe ndi wansembe, ndi mlombwa chabe. Kenako ndinadziuza kuti mtanda ndi mtanda.

Cha m'ma 2 koloko inadutsa lole ya thonje. Fumbi linawakuta awiri aja mpaka sanaoneke. Litatsika, malume anali akutsokomola ndi kudzikuntha. Mayi uja sanasunthe. Fumbi linali pa nsidze zake, pa milomo, ndipo maso ake anali pomwe anali kuyambira m'mawa, pa kadothi ka patsinde pa mtanda. Sankayang'ana mtandawo. Ankayang'ana pansi pake.

Dzuwa litapendeka, malume anadzuka nabwera kwa ine.

"Bambo, ife tikupita. Pantoni imaleka kuwolotsa kukada. Zikomo potisungira malo."

Mawu ake analibe mnyozo. Akanakhala ndi mnyozo ndikanalimba. Mayi uja anayamba kudzuka, akugwira ndodo ya mchimwene wake. Apa m'pamene ndinaona mapazi ake. Anali ong'ambika zidendene, chala chimodzi atachimanga ndi kansanza kamagazi. Kuchokera kwa Kawinga ndi masiku angapo. Pa msinkhu umenewo sakanabweranso.

"Dikirani," ndinatero.

Ndinatenga piki. Anyamata awiri anafuna kundithandiza, ndinawabweza. Ndinazika ndekha, ndinayenera kuzula ndekha, ndipo ngati linali tchimo likhale langa. Miyala ija ndinaitsendera kwambiri, inandivuta. Ndinachita thukuta. Utagwedera, ndinaukumbatira n'kuutukula, osalola kuti ukhudze pansi. Ndinausenza paphewa kupita nawo kuseri kwa mlambe.

"Lachisanu Loyera lafulumira chaka chino," wina anatero chapansipansi.

Ndinacheuka. Aliyense anali akuyang'ana khasu lake.

Ndinakwirira dzenjelo, ndinasalaza ndi manja. Mayi uja anawoloka msewu pang'onopang'ono. Anakhala pansi, anatambasula miyendo, anaika zikhatho zonse ziwiri pa dothi. Sanalire mokuwa. Ankasisita nthakayo ngati mmene mayi amasisitira msana wa mwana wodwala. Ife tonse tinaima chapatali.

Patapita nthawi analankhula m'Chiyao, osadzutsa mutu. Mkulu wa wilibala ananditanthauzira.

"Akufunsa ngati anafa ali yekha."

"Auzeni iyayi. Mutu wake unali pa miyendo yanga."

Anawauza. Mayiyo anafunsanso.

"Akuti, ananenapo kanthu?"

"Milomo inkagwedera, koma mawu sindinawamve. Anangotukula chala ichi." Ndinaonetsa chala chamkombaphala cha kumanja, choloza kumwamba, monga anachitira. "Ndinkayesa akundilozera kanthu mu mtengomu. Ndinayang'ana, munalibe kanthu."

Mkulu uja sanatanthauzire. Panalibe chifukwa. Mayiyo anali atadzutsa mutu, akuyang'ana chala changa. Malume anaphimba nkhope ndi manja, akutchula dzina la Mulungu m'chinenero cha mapemphero awo. Kenako mayi uja analira, kulira kwenikweni, koma nkhope yake inali itamasuka.

"N'chiyani?" ndinafunsa.

"Ndi mmene ife timachitira pochitira umboni kuti Mulungu ndi mmodzi," anatero mkulu wa wilibala. "Msilamu amafuna kuti mawu ake omaliza akhale amenewo. Mayiwa chinkawasowetsa tulo n'chimenecho, kuti mwina imfa yadzidzidzi sinampatse mpata. Mwawauza kuti inampatsa."

Ndinakhala ndi nkhani imeneyo milungu itatu osadziwa kuti ndasunga kanthu. Akanapita mtanda uli chiimire, ndikanafa nayo.

Asananyamuke, malume anatola mwala m'ngalande nauika pamalopo. Mkulu wa wilibala anaikapo wake. Ine ndinalamula kuti abweretse wilibala yathunthu ya miyala yomwe tinaphwanyira kamlatho, ndipo tinaunjika mulu wofika m'mawondo. Akatolika anga ananyamula nawo, ngakhale uja wondinong'oneza. Mzungu atafunsa mwezi wotsatira, ndinamuuza kuti ndi chizindikiro chochenjeza madalaivala pa khona. Anati ndaganiza bwino.

Mtandawo ndinapita nawo kwa wansembe Loweruka, ndinaulula zonse. Anandifunsa ngati ndinauponya pansi. Ndinati iyayi. Anati ndiusiye, udzagwira ntchito kumanda a mpingo, ndipo anandipatsa mapemphero ochepa kuposa amene ndinkayembekeza.

Kwa mayi uja sindinapepese. Sindinkadziwa kupepesa pamaso pa anthu anga, ndipo mpaka lero sindinaphunzire bwino. Chimene ndinachita n'chakuti ndinaimitsa lole yopanda katundu yolowera ku Liwonde, chinthu chomwe malamulo a ntchito sankandilola. Dalaivala anayamba kuwiringula.

"Awa akukwera," ndinamuuza, "ndipo akhala kutsogolo. Ukawatsitse pa pantoni penipeni."

Ndinamunyamula mayiyo ndi manja anga kumukweza. Anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. M'mphepete mwa nsalu yake anali atamangamo kadothi.