Chingwe cha Mayi Otilia

Akhristu a ku Katunga akamatchula amene anawatsogolera m'chikhulupiriro, Mayi Otilia sawaiwala. Anali mwana wa msodzi wa m'dambo la Shire, ndipo kuwerengera anaphunzirira pa maso a ukonde.

Sukulu ya mishoni itafika mu 1906, anyamata ankalowa m'kati ndi masileti, atsikana nkukhala pakhonde ndi singano. Koma Otilia maso anali pawindo basi! Tsiku lina anaona Aphunzitsi Lorenso akulemba pabolodi: 84 kugawa ndi 7. Asanalembe yankho, anacheuka.

"Iwe, masamuwa ukaphikira ndani? Kasoke uko!"

Otilia anabwerera ku singano yake, koma funsolo linamukhala ngati munga wa nsomba pakhosi.

Atakwatiwa ndi Bambo Sebastiano, Mayi Otilia ankasesa tchalitchi Loweruka lililonse, ndipo nthawi ya fuluwenza ndiwo ankatungira madzi odwala amene ena ankawathawa. Komabe akamadutsa pasukulu ankachepetsa liwiro, mtima ukuwawa.

Chaka china Shire anasefukira, mudzi nkusanduka chilumba. Katekisiti analephera kuwoloka, anthu mpaka anasokoneza masiku. Mayiwa anatenga chingwe cha ukonde nkumamanga mfundo imodzi m'mawa uliwonse. Zikakwana zisanu ndi ziwiri ankaitana anthu: "Siyani makasu, lero ndi la Mulungu!"

Madzi ataphwa anawerenga chingwecho. Mfundo 84, masabata 12. Anakhala pansi nkulira. Yankho lija ndi limeneli! Koma kulilemba, ayi ndithu, sankatha.

Choncho anapita kusukulu katatu konse, kugwada, kupempha kuti mwana wawo Teresa azilowa nawo m'kati. Kachitatuko anamulola kukhala kumbuyo.

Mu 1928 chifuwa chinawagwetsa. Atalandira sakramenti la odwala, anaitana Teresa.

"Mwanawe, bwera ndi sileti."

"Amayi, pumulani."

"Ndikapumula kutsogoloko. Gwira dzanja langali."

Teresa anagwira dzanjalo, nalemba nalo 12. Mayi Otilia anayang'anitsitsa, kenaka anaseka.

"Ha! Kanali kakang'ono chonchi? Zaka zonsezi! Takhuta, zikomo mwanawe."

Anatsikira kuli chete masana omwewo, sileti ili pachifuwa. Chingwe chawo anachipachika m'tchalitchi, ndipo Teresa ankabwera ndi atsikana kudzawerenga mfundozo. Mulungu awapatse mpumulo wosatha.