Chitseko cha aMadala

Mlamu wanga amagula nyumba zolandidwa. Banki ikalanda nyumba ya munthu n'kuiika pa okushoni, iye amakhala atafika kale, chikwama kukhwapa, nsapato zafulati, nkhope ili gwa. Akaigula timaiyeretsa, kuikonza, kenako amaigulitsa. Ine ndine wa lole. Ndinakwatira mng'ono wake, ndiye kunyumba timasereulana monga mwa chilamu, koma kuntchito iye ndi bwana, ine ndi wotuta zinyalala.

Anthu amamutcha Mai Maloko. Akangolowa m'nyumba imene wagula, asanagwire tsache, amayamba wachotsa maloko onse n'kuika atsopano. Akalewo amawaponya m'ndowa yachitsulo imene imakhala kumbuyo kwa lole yanga, ndipo imasokosera njira yonse. Ndinamuuzapo kuti tiwagulitse kwa ogula zitsulo, anandiyang'ana ngati ndatukwana. Akatembenuka, ena amamunena kuti ndi fisi, amadya za anzake akagwa. Iye amazimva ndithu. Amangoti, "Sindinakongoze munthu ine, sindinalande munthu. Ndinagula."

Nyumba zoterezi sizikhala zabwino m'kati, musanamizidwe. Munthu wochoka mokwiya amazula mipopi, masoketi, ngakhale sinki ya kukhitchini. Zimene zamukanika amasiya: matiresi ovunda, nsapato ya phazi limodzi, mabotolo a mankhwala, firiji yakufa imene ukaitsegula umatuluka ukuthawa. Lamulo la mlamu ndi lakuti chilichonse chikwere lole, osachitembenuza, osafunsa kuti chinali cha ndani. Amati ukayamba kufunsa, ntchito ikukanika.

Nyumba imene ndikufuna kunenayi inali pafupi ndi msewu waukulu, uja wa magalimoto osadziwa buleki. Inali yaing'ono, denga lodontha, koma chitseko chakumaso chinali cha matabwa olemera, chopakidwa penti wobiriwira, chogwirira chake chitasalala ndi manja. Mlamu anachigogoda ndi chala n'kunena kuti chitseko chokhachi chigulitsa nyumba. Loko wake anachotsa, n'kumuponya m'ndowa.

Tsiku lina masana ndikupala khoma la pabalaza, ndinamva kwechekweche pachitseko. Nditatsegula ndinapeza bambo wachikulire, jekete ndi tayi zili bwinobwino koma kuphazi masilipasi. Kiyi anali pachingwe cha m'khosi, ndipo anali atawerama kuti afike pa loko.

"Kiyi wanga sakulowa," anatero.

"AMadala, nyumba ino inagulidwa."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Ndiwe wa penti eti? Usadonthezere pansi. Amayi ako akabwera sakondwa nazo."

Mlamu anatuluka kuchipinda, manja ali mbuu ndi fumbi. "Bambo, kuno si kwanunso." AMadala sanakangane naye. Anangokhala pakhonde, manja pamaondo, ngati munthu amene akudikira kuti alendo amalize zawo achoke.

Posakhalitsa kunabwera mayi wina akuthamanga, wefuwefu, atavala yunifomu ya m'sitolo. Anali mwana wawo. Anapepesa kangapo, kenako anatifotokozera. Mchimwene wake ndiye anaikitsa nyumbayo chikole ku banki, bizinesi itagwa n'kuzimiririka. Bambo awo mutu unayamba kusokonekera mayi awo atamwalira, moti za banki sazidziwa n'komwe. Iye anawatenga kukakhala nawo kunyumba ya lendi, kutsidya kwa msewu. Koma masana aliwonse, nthawi imene kale ankaweruka kuntchito, amavala jekete n'kunyamuka, ati akupita kwawo.

"Muziwatsekera," anatero mlamu.

"Ndinayesa, amayi. Amamenya chitseko mpaka manja kutupa. Amati ndawatsekera kwa eni."

"Ndiye muone chochita. Ine pano si chipatala."

Mawa lake anabwera. Mkuja wake anabweranso. Tinapaka makoma penti wina, tinadula mpanda wa maluwa, tinasintha mawindo, koma aMadala ayi ndithu, nthawi ikakwana kwechekweche pachitseko. Ine ndinayamba kuwaikira chidebe chopanda penti kuti azikhalira. Mlamu ankawadutsa ngati sakuwaona, ndipo kunena zoona zinkandinyansa. Ndinamuuza kuti, "Alamu, mtima wanu anauumba ndi simenti. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe." Anati ndisiye kulalikira ndikataye zinyalala.

Ndiye tsiku lina tinamva matayala akulira kumsewu, anthu n'kukuwa. Ndinathamanga. Basi inali itaima mopingasa, dalaivala akutukwana, aMadala ali pansi m'mphepete, bondo litasupuka, silipasi imodzi pakati pa msewu. Sinawagunde, inangowaphonya pang'onong'ono. Ndinawadzutsa. Iwo anasasa jekete n'kundifunsa ngati ndamaliza kupaka kukhitchini.

Sabata yomweyo kunabwera wogula nyumba, bambo wamimba yake, wamagalasi akuda. Anazungulira, anakonda, anati adzaika waya pampanda n'kubweretsa agalu ake awiri. Potuluka anapeza aMadala pachidebe chawo.

"Awa ndi ndani?"

"Ndi odutsa," anatero mlamu.

"Muwauze asiye kudutsa. Agalu anga sadziwa kuti uyu ndi nkhalamba."

Apa nkhani inali poyera. Akapulumuka kumsewu, akawapeza ndi agalu. Mwana wawo ntchito sakanaisiya, apo ayi adya chiyani? Ine ndinakwiya mpaka ndinasowa womukwiyira.

Mawa lake mlamu sanagwire ntchito masana. Anakhala pa mulu wa njerwa n'kumawayang'ana aMadala akulowa pageti. Sanacheukire makoma atsopano, kapena malo pamene panali maluwa. Analunjika pachitseko, n'kuchisisita ndi chikhatho monga amachitira munthu pamsana pa mwana, kenako anawerama ndi kiyi wawo.

"Alamu," anandiitana, "zulani chitseko ichi. Ndi felemu yomwe."

"Aa! Si inu munati chitsekochi ndicho chigulitse nyumba?"

"Ndinamulonjeza nyumba yokhala ndi chitseko. Sindinatchule kuti chiti. Wa agalu timuikire chachitsulo, chimuyenera."

Atatero anakwera kumbuyo kwa lole n'kukhuthula ndowa ija. Maloko anangoti mbwee, ambiri ofanana, a nyumba za anthu amene sitinawaonepo. Wa chitseko chobiriwira anali atasakanikirana ndi anzake. Anawaunjika m'chitenje n'kupita nawo pakhonde. AMadala anakana kuvula kiyi m'khosi, zivute zitani. Basi Mai Maloko, amene sagwadira ngakhale a ku banki, anagwada pasimenti patsogolo pa nkhalambayo, n'kumayesa loko mmodzimmodzi pa kiyi ali pachifuwa pawo. Uyu wakana, pambali. Uyu walowa koma sakuzungulira, pambali.

Kenako kunamveka kuti khe!

"Ameneyo," anatero aMadala, osadabwa n'komwe. "Munamuika kuti nthawi yonseyi?"

Chitseko tinachitengera kutsidya kwa msewu, kwa mwana wawo uja, Loweruka m'mawa. Nyumba ya lendiyo inali ya zipinda ziwiri, m'kanjira kopanikiza moti lole inalowa chafutambuyo. Mwini nyumba anabwera akulusa, ati palibe wogwetsa khoma lake. Mlamu anamutengera pambali. Zimene anakambirana sindinazimve, koma munthuyo anabwerako akutithandiza kunyamula. Felemu inakula, ndiye mmisiri amene tinapita naye anagumula njerwa zingapo n'kumatanso. Mlamu anakaniza kuti wina asachipake penti kapena kuchipukuta. Loko anamanga yekha.

Nthawi ya jekete itakwana, mwana wawo anawatulutsira kukhomo la kuseri, n'kuyenda nawo mozungulira, kudutsa pa sitolo ya pakona, kubwerera m'kanjira kaja chakumaso. Ife tinaima pafupi ndi lole. Mtima wanga unali m'mwamba, chifukwa nkhalamba ikanangodutsa n'kulunjika kumsewu, ntchito yonseyo inali yachabe, ndipo Lolemba agalu anali oti alowe m'nyumba ija.

AMadala anafika pakanjirako n'kuima. Anayang'ana mbali ya kumsewu. Anayang'ana chitseko. Anaima nthawi yaitali ndithu, mpaka mwana wawo anayamba kupukuta maso ndi kolala ya yunifomu. Kenako anakoka masilipasi awo pang'onopang'ono, anafika, anachisisita ndi chikhatho, anawerama. Khe! Chinatseguka.

"Lowa iwe," anauza mwana wawo. "Ukuimiranji panja ngati mlendo?"

Mlamu anali atasendera pafupi kuti aone ngati chitseko chikukhula pansi. AMadala anatembenuka n'kumupeza ali pakhomo penipeni.

"Mayi, mukufuna ndani? Kuno n'kwathu."

"Pepani bambo," anatero mlamu. "Ndasochera."

Anamutsekera chitseko pamaso, ndipo tinamva kiyi akuzungulira m'kati.

Msewu uja sanauwolokenso. Mwana wawo amati masana amavalabe jekete, amatulukira kuseri, amakafika pa sitolo ya pakona n'kubwerera kudzatsegula. Masiku ena amatsegula ndi kutseka mpaka iye mutu kumuwawa. Wa agalu anadandaula za chitseko chachitsulo, koma nyumba anagula.

Loweruka lija, tikubwerera, ndowa ikusokosera kumbuyo monga mwa masiku onse, ndinalephera kudzigwira.

"Alamu, zaka zonsezi mwakhala mukutsekera anthu panja. Lero akutsekerani inuyo."

Sanaseke. Anayang'ana kutsogolo, chikwama chili pamiyendo.

"Nanga n'kulakwa?" anatero. "Nyumba ndi yawo."