Malata a Tchalitchi Chathu

Ndikakumbukira a Namakhwa, ndimamva fungo la fodya akuuma m'chigafa, fungo lija lokanda pakhosi, ndipo ndimaona manja awo akuda ndi utomoni akusoka masamba uku akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. Anali tenanti pa esiteti yoyandikana ndi mudzi wathu ku Wimbe, mlendo wochokera ku Mulanje, ndipo ndiwo ankatiphunzitsa masewero a m'Malemba kutchalitchi. Sankalola munthu kuloweza mawu asanayankhe funso lawo limodzi.

Chaka china tinasankha nkhani ya mfumu ija inasirira munda wa mphesa wa munthu wamba. Ine ndinapatsidwa mbali ya mkazi wa mfumu, ndipo ndinkangotuzula maso n'kumakalipa.

"Iwe Esinati, ukufuna chiyani pamenepa?" anandifunsa.

"Kupha mwini munda, bambo."

"Bodza! Ndani amadzuka m'mawa n'kunena kuti lero ndikhale woipa? Mwamuna wako wakwiya, wakana chakudya. Iwe ukufuna adye, basi. Yambiranso."

Ndinayambiranso mofatsa, ngati mayi wonyengerera mwana wodwala, ndipo anzanga anasiya kuseka. Ineyo ndinachita mantha ndi mawu anga omwe.

Mbali ya mwini munda a Namakhwa anaitenga okha. Nditawabwezera funso lawo, anangoloza ndi chibwano kumalire a esiteti, pansi pa mtengo wa muwanga, kumene matenanti ankaika maliro awo. Kumeneko kunagona mwana wawo wamkazi. Bwana wa esiteti, yemwenso anali mkulu wa mpingo, anali atalamula kuti malowo alimidwe ndi thirakita.

Lamlungu la sewero bwanayo anakhala pa benchi yakutsogolo. Tonse tinkadziwa kuti analonjeza malata a tchalitchi chathu, chimene chinali chofolera ndi udzu ndipo chinkadontha mpaka paguwa. Mfumu itapempha munda, a Namakhwa sanakuwe monga tinkachitira pokonzekera. Anagwada, nalankhula motsitsa mawu.

"Mbuyanga, limani kwina konse. Muno muli mafupa anga."

Mawu amenewa munalibe m'sewero, ndipo maso awo sanali pa mfumu ya chisoti cha katoni. Amayi ena anaphimba nkhope ndi zitenje. Bwana ananyamuka, natuluka dalitso lisanaperekedwe.

Akulu a mpingo, bambo anga ali pomwepo, anagamula kuti a Namakhwa asandutsa nyumba ya Mulungu bwalo la milandu, ndipo anawaletsa kuphunzitsa. Fodya atagulitsidwa, bwana anawachotsa a Namakhwa pa esiteti, lole inawanyamula iwo ndi akazi awo, mphasa ndi mapoto, ndipo palibe mkhristu ndi mmodzi yemwe amene anawaperekeza kumsewu. Inenso ndinangosuzumira kuseri kwa nkhokwe. Thirakita inalima. Malata anabwera mvula isanagwe, ndipo tinavina nyimbo zoyamika Ambuye.

Lero ndine ndimaphunzitsa achinyamata masewero m'tchalitchi chomwecho, ndipo aliyense ndimamufunsa funso la a Namakhwa asanatsegule pakamwa. Limagwirabe ntchito, mwana akadziwa chimene akufuna, ngakhale kayendedwe kake kamasintha. Koma mvula ikayamba kuwomba padenga mpaka osamvana, timaima kudikira kuti ikate, ndipo pamenepo funsolo limanditembenukira ine. Mulungu amene amasanthula mitima safuna kuti ndimuuze yankho. Tsiku lija sitinkadana ndi a Namakhwa, ndipo sitinkafuna kukhala oipa. Tinkangofuna malata.