Tsiku Limene Amayi Ananenerera Pulogalamu

Ndinaganiza zopita ku Joni tsiku limene lamba wa makina anga osokera anadukanso, diresi la mwini lili pakati. Kwathu ku Lungwena nyumba iliyonse yamalata ili ndi munthu wake ku Joni, ndiye panalibe chachilendo. Chondivuta chinali Mariamu, mwana wanga, amene anali asanayambe n'komwe sukulu. Ndinamusiya m'manja mwa amayi, n'kukwera basi ndi chikwama changa chachikulu, mtima uli m'mwamba.

Ku Durban ndinalembedwa ntchito pa shopu ya mmwenye wina wachikulire, yopeta mizuli, mabaji a sukulu ndi madiresi a akwati. Kumeneko ndi kumene ndinaonera koyamba makina opeta okha. Umajambula duwa pakompyuta, pulogalamu n'kuwauza makinawo poti singano ibaye, basi n'kuyamba kugogoda, iwe manja uli m'chiuno. Ndinkasangalala moti bwanayo ankachita kundithamangitsa nthawi yoweruka. Kunena zoona, sindinkafunanso kubwerera kuchipinda kwanga, chifukwa kumeneko kunali zii. Ndinkangomvetsera mobwerezabwereza timauthenga ta Mariamu pa foni, akundiuza za dzino lomwe laguluka. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma dzinolo sindinalione.

Tsiku lina ndinamva bwana akudandaula kuti pulogalamu yomweyo, imene iye amalipira mwezi uliwonse, msuweni wake ku India amalipira motchipa kwambiri. Ndinafunsa ngati ya kumeneko ili yoperewera.

"Ndi yomweyi," anatero. "Eni ake amayang'ana thumba la anthu a dziko lililonse. Kumene anthu amapeza zochepa amatsitsa, kuopa kuti angamangokopera yakuba. Misonkho nayo imasiyana."

Ngati amatsitsira osauka, ndiye kwathu adzatipatsa ngati ya ulere! Kuyambira tsiku limenelo ndinadzimana ngakhale nyama, mpaka ndinagula makina ogwirapo kale ntchito ndi kakompyuta kam'manja. Ndinapereka katundu kwa transipota, ine n'kutsatira pambuyo. Ndinkaimba nyimbo m'basi, mayi wamkulu ngati ine.

Ndinachita lendi kachipinda ku Mangochi boma, kumene kuli magetsi. Ntchito yoyamba inali itandidikira kale: madiresi a azimayi a pa ukwati wa mng'ono wanga Patuma. Nditatsegula pulogalamu ija kuti ndilipire ngati munthu wa ku Malawi, ndinapeza zosiyana ndi zimene ndinkayembekezera. Mtengo unabwera wa madola, wofanana ndi wa ku Amereka, wokwera kuposa wa ku Joni. Dziko la Malawi silinali n'komwe pa mndandanda wa mayiko otsitsiridwa. Madolawonso kuwapeza kubanki inali nkhani ina. Popanda pulogalamu, makina aja anali chitsulo chabe, ndipo ine ndikanayenera kubwereranso ku Durban. Mariamu anali atangoyamba kumene kuzolowera kugona pambali panga.

Amayi, amene akhala akugulitsa usipa wouma kuyambira ndisanabadwe, anabwera kudzaona makina odabwitsawo. Anandipeza nditagwira tsaya, ndipo ndinawafotokozera zonse.

"Wanenerera?" anafunsa.

"Amayi, iyi si nsomba. Mtengo amachita kulemberatu."

"Analemba ndani? Jini? Ngati analemba munthu, munthuyo ali ndi makutu. Iwe Asiyatu mwana wanga, Joni yakupusitsa. Tenga chinthu chakocho ulembe zimene ndikuuze."

Ndinaseka mpaka misozi, koma ndinalemba kalata yopita ku kampani ya pulogalamuyo. Iwo ankanena m'Chiyao, ine n'kumatembenuzira m'Chingelezi changa cha m'shopu. Anandiletsa kuyamba ndi kulira umphawi. Anati ndiyambe ndapereka moni, ndiyamikire katunduyo, kenako nditchule mtengo wanga wotsikitsitsa, ndipo ndinenenso kuti atelala ena a m'boma muno akuyang'ana kwa ine. Pomaliza anati ndilembe kuti ndikapanda kuthandizidwa ndipita kwina.

"Kwina kuti, amayi?"

"Iwo akudziwa kuti kulibe kwina?"

Yankho linachedwa, ndipo ukwati unkayandikira. Patuma anayamba kundiyang'ana ndi diso la kumbali. Kenako m'mawa wina foni inalira, uthenga utalowa. Anali mayi wina wa ku kampaniko. Analemba kuti sanalandirepo wogula wochokera ku Malawi, n'chifukwa chake dzikoli analiponya m'gulu la mtengo wamba. Anafunsa kuti Mangochi ali chakuti, ndiponso ngati ndingatumize zithunzi za ntchito yanga. Za mtengo sananene kanthu, ndipo ine ndinakhumudwa. Amayi okha ndi amene anawomba m'manja.

"Alihamudulila. Wogulitsa akayamba kufunsa kwanu, ndiye kuti watsitsa kale. Usayankhe msanga, angakuone njala."

Ndinapirira mpaka madzulo, manja akuyabwa. Mawa lake anandipatsa mtengo wotsika kuposa wa ku Joni, ngakhale sunafike pamene tinatchula. Amayi ankafuna tinenererenso, ndinachita kuwagwira mwendo.

Zaka zonse zija ndinkaganiza kuti akunja amatiwona ngati amphawi. Ndinazindikira kuti ambiri satiwona n'komwe, mpaka wina atawagogodera. Ndipo kugogodako ndinakuphunzira kwathu konkuno, osati ku Joni.

Makina atayamba kugogoda duwa loyamba pa diresi la Patuma, anthu anadzaza pakhomo mpaka akabaza anaimika njinga zawo. Mariamu anadzipanikiza pakati pawo, nayang'anitsitsa singano ikuvina, kenako anandikoka chitenje.

"Ndiye chikwama chachikulu munapita nacho ku Joni chija tiikemo chiyani?"

"Nsalu za makasitomala," ndinamuyankha.

Anathamanga kukachikoka yekha pansi pa bedi.