Ukonde Umene Unakola Kove

Ku Msumba kuno a Belarmino amadziwika ndi nsomba, koma nkhani yawo yeniyeni ndi ya dimba.

Atakoka ukonde zaka makumi anayi, phewa lawo lamanja linakana. Mwana wawo Arlete, amene amakhala ku Lichinga, anaimba foni: “Ababa, nyanja yakukwanani. Ikatha milungu iwiri ndibwera pa shapa, minibasi ija, kudzakutengani, muzidzapuma kuno.”

Kupuma! A Belarmino ankakudziwa kupumako: mpando wapulasitiki pakhonde, kuzizira kwa kumapiri, nyanja osaiona. Anangoti, “Ndamva,” koma mumtima anakana.

Munali mu Setembulo, mwera utaleka. Anapita kukamtsinje kuseri kwa nyumba, pamene chinyezi sichitha, nagwira khasu ndi dzanja lamanzere. Nthaka anaisalaza ndi nkhafi yakale, anathira manyowa a mbuzi, nafesa kove, ndiwo zamasamba zonga repu, ndi matimati. Nsungwi za mpanda analibe, ndiye anazika mitengo n’kuzungulizapo ukonde wawo wong’ambika kuti mbuzi ndi nkhuku zisalowe. Chothirira chinali chigubu chodula chimene ankakapira madzi m’bwato. Akathirira ankaimirira kaye, kununkhiza dothi lonyowa ngati munthu wanjala.

Mnzawo wa m’bwato, a Timoteo, anawapeza atagwada mkati mwa ukondewo.

“Achimwene, lero mwakola zingati kumtunda kuno? Kapena kampango wabisala m’dothi?”

“Zanga sizithawa, a Timoteo. Inu dengu lanulo bwanji likupepuka chonchi?”

Tsiku lachisanu ndi chimodzi, timasamba tiwiritiwiri tinasuzumira. Mdala uja anaseka yekha mpaka kutsokomola.

Arlete anafikadi. “Chikwama chili kuti, Ababa?”

A Belarmino anangomutsogolera kudimba n’kutukula ukonde kuti alowe.

“Tiana iti timamwa kawiri pa tsiku. Ndikakhala ku Lichinga ndizitithirira pa foni?”

“Ndi phewa limenelo? Mudzagwa muno popanda wokuonani!”

“Lamanzere silinadandaulepo. Ndikagwa, ndigwera pa kove wanga. Sindikwera shapa, mwanawe.”

Arlete anayang’ana timasamba tija. Kenako anavula nsapato zake za m’tauni, natunga madzi m’chigubu chija.

“Pang’onopang’ono, iwe!” anakuwa a Belarmino. “Ukuzimitsa moto kodi?”

M’mawa mwake shapa inakwera phiri ndi Arlete yekha. Pa nthawiyo n’kuti bambo ake ali kumtsinje, akutunga chigubu chachitatu.