Chitsulo Chimene Sitinakwirire

Ndinadzuka kusanache, ngati kunali kugona kumeneko. Amayi a mpingo anali ataimba pa maliro a mkazi wanga mpaka mawu kusasa. Chifunga chinali chitameza mapiri a Ntchisi, ndipo moto wophikira kuseri kwa nyumba unkaoneka ngati ukuyandama.

Mkazi wangayo anali namwino wa ku fiyeta, kochitira maopaleshoni. Ntchito yake inali kugwira zitsulo zokanulira pamene adokotala akusoka njira ya mkodzo ya amayi ovulala pobereka. Ankadandaula kuti zitsulozo n'zazikulu, zimatchinga pomwe pafunika kuoneka. Choncho anatenga chimodzi chakale kupita nacho kwa mmisiri ku Malomo, amene anachipinda ndi kuchipala mpaka chinachepa ngati chala. Ankati ndi chimenecho adokotala amaona ngati masana.

Sabata imene anadwala anali atabwera nacho kuti mmisiri akachisalazenso. M'mawa wa malirowo apongozi anachipeza m'chikwama chake. Anati chilowe m'bokosi pamodzi ndi korona, pakuti mlimi sapita wopanda khasu lake. Ndinavomera. Ndinkafuna manja ake akhale ndi chogwira.

Anthu ankatuluka m'chifunga mmodzimmodzi, ena akukankha njinga. Panafikanso amayi amene sindinkawadziwa, mapazi ali fumbi. Anakhala pakati penipeni pa anthu, mapewa kugundana ndi anzawo.

Namwino mnzake wa mkazi wanga anandinong'oneza: "Achimwene, amenewa anadutsa m'manja mwake. Kale ankakhala patali chifukwa cha fungo. Ena akudikirabe ku wodi." Sanapemphe kanthu.

Misa itatha, adzukulu ananyamula chivindikiro. Ndinaona dzanja langa likulowa m'bokosi ngati la munthu wina. Chitsulo chinatuluka m'zala zake mosavuta.

"Mwamulanda, bambo?" anafunsa apongozi.

Kenaka anayang'ana amayi aja nthawi yaitali, nachitenga m'manja mwanga, nachipukuta ndi chitenje, nachipereka okha kwa namwino uja.

Tinakwera kumanda kukuwaza kamvula. Za kumeneko ndikukumbukira dothi lofiira basi, ndi nyimbo imene inkamveka ngati ikuchokera phiri lina.

Madzulo anthu anabalalika. Mphasa anazipinda, moto unazima. Chikwama chake chinali chikadali pamsomali kuseri kwa chitseko. Ndinachinyamula. Chinali chopepuka, monga chinkakhalira masiku onse iye akamapita ku ntchito, chitsulocho chili ku fiyeta.