Ndowa Pakhomo la Ofesi

Linali Lachinayi, 4 koloko madzulo, m'zaka zija ntchito zinkasowa mu Dublin. Ine ndinkakolopa pa koleji ina, mwana ndikumusiya kwa mayi wina wa ku Zambia ku Clondalkin. M'chimbudzi cha akazi ndinapeza mtsikana akulira, uku akupemphera m'Chichewa. Manyazi anga onse anathera pomwepo.

Ndinamufunsa kuti, "Achemwali, kwagwanji?"

Anati anabwera pa sikolashipu. Mphunzitsi woyang'anira maphunziro ake ankamuitanira mu ofesi, n'kutseka chitseko, n'kumamugwiragwira. Ankaopa kuti akaulula abwezedwa kumudzi digiri asanamalize. Komanso tonsefe tinaleredwa kuti munthu wamkulu sitimukanira pamaso.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, malamulo a koleji sindinkawadziwa. Chimene ndinkadziwa n'chakuti kwathu mlendo timamuperekeza. Mphunzitsiyo anali atamuitananso 5 koloko. Ndinapita ndi mtsikanayo, ndinaika ndowa pakhomo kuti chitseko chisatsekeke, n'kumakolopa malo amodzimodzi mpaka anatuluka. Tinaseka njira yonse yopita kokwerera basi. Kuseka kuja ndimakusowa mpaka lero.

M'mawa mwake ndinabereka mwana ndi chitenje, n'kuperekeza mtsikanayo ku ofesi ya madandaulo a ophunzira. Iye ankafotokoza, ine nditamugwira dzanja.